Katundu wa ku China akufika nyengo yake itapita: ndiziitanitsa liti, ndipo azidzera njira iti?

Wamapampu_Kamwala

Abale, ndigawireniko nzeru. Tili ndi shopu ya holoselo ku Kamwala ndi nyumba yosungiramo katundu ku Chinika, konseko mu Lusaka. Timagulitsa mapampu a m'zitsime, mapanelo a sola, ma inverter, mabatire ndi mapaipi. Zambiri zimachokera ku China kudzera pa doko la Dar es Salaam, zochepa ku Johannesburg. Makasitomala athu ena ali ku Chipata, ku Mongu ndi ku Copperbelt.

Vuto lili apa. Mapampu amatha mu September, nthawi imene aliyense akukumba chitsime, koma kontena imadzafika mu December mvula itagwa kale. Ma inverter ndiye adzaza mpaka kudenga, sakuyenda monga ankayendera. Wotitumizira katundu amati ulendo ndi masabata 8, koma ina imafika pa 11, ina pa 15. Kodi tsiku loitanitsa mumaliwerengera bwanji? Nanga tisiye Dar tiyese Beira?

Mlembi_wa_Stoko

Achimwene, musayambe ndi kusintha doko. Chimene chikukupwetekani si kutalika kwa ulendo, koma kusinthasintha kwake. Ulendo wa masabata 14 wosasintha munthu amaukonzekera bwinobwino, koma wa 9 lero, 15 mawa, ndiwo umasiya mashelefu ali mbee.

Tulutsani mafayilo a makontena anu 6 kapena 8 omaliza. Pa iliyonse lembani masiku awa: lomwe munalipira dipoziti, lomwe fakitale inamaliza, lomwe sitima inanyamuka, lomwe inakocheza ku Dar, lomwe thiraki inatuluka padoko, lomwe inaoloka pa boda ya Nakonde, ndi lomwe katundu anawerengedwa n'kulowa m'buku ku Chinika. Mudzaona kuti masabata 8 aja akuwerengedwa kuyambira pamene sitima yanyamuka, pomwe ndalama zanu zinachoka kale mwezi wathunthu m'mbuyomo. Ngati mafayilo ali osokonezeka, yambani ndi ziwerengero zongogwirira ntchito izi, muzikonza pang'onopang'ono: fakitale masiku 25 mpaka 30, kudikira malo m'sitima masiku 7, panyanja 30 mpaka 35, padoko 7 mpaka 14, pamsewu pamodzi ndi boda 7 mpaka 10. Mukaphatikiza ndi masiku 76 mpaka 96, kapena kuti masabata 11 mpaka 14. Palibe masabata 8 pamenepo.

Tsopano kawerengedwe kake. Tiyerekeze kuti pampu ya mtundu wina mumagulitsa 40 pa sabata, ndipo ulendo wanu wanthawi zonse ndi masabata 12. Pa nthawi yodikirayo mudzagulitsa 480. Ngati kontena yochedwa kwambiri m'mafayilo anu inatenga masabata 16, kusiyana kwake ndi masabata 4, ndiye onjezerani 160 odikirira tsoka. Nambala yanu yoitanitsira ndi 640. Koma samalani: 640 imeneyi si ya amene ali pashelefu okha. Muziphatikiza amene ali m'nyumba ndi amene ali panyanja kapena pamsewu, n'kuchotsapo amene munalonjeza kale makasitomala. Zikatsika kufika pa 640, oda ipite sabata lomwelo. Ambiri amaitanitsa akaona shelefu ikuchepa, ndipo pamenepo amakhala atachedwa kale ndi miyezi itatu. Ena amaiwala zimene zili panyanja, amaitanitsa kawiri, makontena awiri n'kufika motsatizana.

Pa katundu wa nyengo ngati mapampu, werengerani chobwerera m'mbuyo. Mukufuna akhale pashelefu pa 1 August, chilimwe chisanafike pachimake. Bwererani masabata 14, mufika kumapeto kwa April. Ikanipo sabata limodzi kapena awiri, ndiye dipoziti ipite pakati pa April. Nambala ya pa sabata igwiritsidwe ya miyezi imene katunduyo adzagulitsidwe, osati ya mwezi umene mukuitanitsa. Mu April mwina mukugulitsa 20 okha, koma kontenayo ikukagwira ntchito mu September.

Kalendala ya ku China muipachike pakhoma. Chaka chatsopano chawo chimagwa pakati pa kumapeto kwa January ndi pakati pa February, mafakitale amatseka, ndipo antchito amabwerera pang'onopang'ono, moti oda yolipidwa pakati pa January itha kuyamba kupangidwa kumapeto kwa February kapena mu March. Palinso tchuthi cha pa 1 mpaka 7 October. Masabata otsogola tchuthi zimenezi malo m'sitima amasowa chifukwa aliyense akuthamangitsa katundu wake.

Pali chinthu chimene buku la malonda limakunamizani. Mwezi umene mapampu anatha, buku limaonetsa kuti munagulitsa ochepa, ndiye chaka chamawa mumaitanitsa ochepanso, n'kutheranso mwezi womwewo. Ikani kabuku pa kauntala, mnyamata azilemba aliyense amene wafunsa chinthu n'kubwerera chimanjamanja: tsiku, mtundu, kuchuluka. Nambala zimenezo muziziphatikiza ku malonda pokonza oda.

Za ma inverter n'zina. Chilala cha 2024, chimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko kumapeto kwa February chaka chimenecho, chinaphwetsa damu la Kariba lopangira magetsi, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse m'makomboni ambiri. Malonda a miyezi imeneyo anabwera ndi tsoka, si kuti msika unakula mokhazikika. Miyezi yoteroyo muziichotsa powerengera zapakatikati. Katundu amene amayenda ndi kuzimazima kwa magetsi muzimuitanitsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ngakhale mtengo wa chimodzi ukwere pang'ono.

Ndipo simungalondole chilichonse mofanana. Sankhani mitundu 15 kapena 20 imene imabweretsa ndalama zambiri, muziiwerenga ndi manja Lachisanu lililonse. Zigongono za mapaipi ndi tizinthu tina, kamodzi pa mwezi n'kokwanira.

Ejenti_pa_Boda

A Mlembi afotokoza bwino, koma masiku 7 mpaka 14 a padoko ndi ena a pa Nakonde si mvula yoti munthu angoyang'ana kumwamba. Ambiri mwa masiku amenewo amadyedwa ndi mapepala, ndipo mapepala amalakwika ku China kontena isananyamuke.

Musanalole kuti bill of lading, chikalata cha katundu chimene kampani ya sitima imapereka, isindikizidwe, auzeni akutumizireni yongoyeserera muione. Iyenera kunena kuti katundu ndi wongodutsa, akupita ku Zambia. Mawu amenewo akasowa, ku Tanzania amamutenga ngati katundu wolowa m'dziko lawo, ndipo kukonzetsa manifest, mndandanda wa katundu wa m'sitima, kumadya masiku ndi ndalama. Dzina la kampani yanu lilembedwe ndendende monga lilili pa TPIN, nambala yanu ya msonkho. Invoisi ndi packing list (mndandanda wa zimene zapakidwa) zigwirizane pa makatoni, kulemera ndi mafotokozedwe. Invoisi ikanena makatoni 412 koma packing list 420, dziwani kuti kontena itsegulidwa.

Mawu akuti "zida za sola" pa invoisi ndi msampha. Pa HS code, nambala imene a kasitomu amazindikirira mtundu wa katundu, mapanelo ali pa 8541, ma inverter pa 8504, mabatire pa 8507, mapampu pa 8413, ndipo misonkho yake si imodzi. Zida zina za sola zimalowa mopepukitsidwa msonkho, koma zimadalira code yeniyeniyo ndi malamulo a chaka chimenecho. Zosintha za mu bajeti zambiri zimayamba pa 1 January, ndiye kontena yonyamuka mu November n'kudzaoloka mu January muifunsire pasadakhale. Msonkho wa kasitomu amauwerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza wa ulendo ndi inshuwalansi, osati pa mtengo wa ku fakitale wokha, ndipo pa katundu wolipira VAT, 16% ija imakwera pamwamba pa zonsezo pamodzi ndi msonkho womwe. Anthu amakonza ndalama za msonkho poyang'ana invoisi yokha, thiraki n'kugona pa boda masiku atatu bwana akusakasaka zotsala. Mapepala afike kwa ejenti sitima isanakocheze, fomu ya kasitomu ya CE20 ilowe mu ASYCUDA World, makina a kompyuta a kasitomu, thiraki ili m'njira, ndalama zikhale zokonzeka. Fufuzaninso ngati katundu wanu ali pa mndandanda wa a ZCSA, bungwe loona ngati katundu akukwaniritsa miyezo yalamulo, chifukwa iwonso ali ndi chonena pa boda.

Mabatire a lithium musawasakanize mwachisawawa ndi mapampu. Ndi katundu woopsa wa gulu 9, UN3480, amafuna mapepala akeake, ndipo si sitima iliyonse imene imawalandira. Mukawaika m'kontena imodzi ndi katundu wachangu, kontena yonse idikira chilolezo cha mabatirewo. Kuwabisa pansi pa dzina lina ndiye musayese n'komwe.

Masiku aulere a kontena, amene mungakhale nayo osalipira lendi ku kampani ya sitima, muwakambirane pochita booking, osati kontena itafika. Kampani ya sitima imawerengera mpaka kontena yopanda kanthu itabwerera ku Dar, ndipo Dar ndi Lusaka ndi mtunda wa pafupifupi makilomita 2,000, kupita kokha. Masiku 14 sangakwane ulendo wopita ndi wobwerera. Pemphani masiku a katundu wodutsa, ndipo alembedwe papepala.

Za Beira: ndi pafupi ndithu, makilomita opitirira pang'ono 1,000 mukadzera Mutare, Harare ndi Chirundu, ndipo pa Chirundu pakhala boda yoima kamodzi kuyambira 2009. Mukhozanso kudzera ku Tete, kulowa pa Chanida n'kutulukira ku Katete, zomwe zingakomere katundu wa ku Chipata. Koma kufupika kwa msewu si kufupika kwa ulendo wonse. Makontena ambiri a ku Beira amasinthidwa sitima padoko lina, ndipo nyengo ya namondwe ili ndi zake. Namondwe Idai mu March 2019 anatseka zonse. Ine ndingati Dar ikhale njira yanu yaikulu, koma kontena imodzi pa chaka, ya katundu wosafulumira, muidutsitse ku Beira kapena ku Walvis Bay, kuti mukhale ndi ejenti womudziwa, mitengo yoidziwa ndi masiku enieni. Njira yachiwiri saiphunzira tsiku lomwe yoyamba yatsekeka.

Pa za ku Johannesburg, chenjezo limodzi. Satifiketi ya SADC, yopepukitsira msonkho pakati pa mayiko a kum'mwera kwa Africa, imagwira pa katundu wopangidwa m'chigawochi. Pampu ya ku China yongosinthidwa katoni ku South Africa siyenera kulandira chipepukitso chimenecho, ndipo a ZRA, otolera misonkho, amayang'ana chikwangwani cha pa pampupo. Mathiraki ochokera kumeneko tsopano ambiri amadzera ku Botswana n'kuoloka pa mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu May 2021, m'malo mwa Beitbridge ndi Chirundu. Funsani wonyamula njira imene adzere musanatumize mapepala, chifukwa ejenti wodikira pa Chirundu sangathandize thiraki imene ili pa Kazungula.

Mayi_wa_Mathiraki

Bambo a ku Kamwala, a ejenti anena za mapepala, ine ndinene za matayala.

Kontena yanu ya mu December ija sichedwa panyanja pokha. Kuyambira September mpaka December mathiraki a pa madoko amakhala atagwidwa ndi feteleza, D compound ndi urea, ndipo mwini thiraki amasankha wamatani ambiri wolipira msanga. Inu wa kontena imodzi mumakhala kumapeto kwa mzere, mtengo utakwera. Ichi ndi chifukwa chinanso choitanitsira mu April monga anenera a Mlembi: katundu wanu adzatsika mu July, mathiraki akusaka ntchito. Thiraki muisungitse sitima ikangonyamuka ku China, mutumize nambala ya kontena ndi kulemera kwake, ndipo mukumbutse patatsala masiku 5 kuti ikocheze.

Kulemera n'kofunika kuposa momwe amalonda amaganizira. Lamulo la pamsewu ndi matani 56 thiraki yonse pamodzi ndi katundu, koma pa sikelo amayezanso ekiselo iliyonse payokha. Kontena ya mafiti 20 yodzaza mabatire ndi mapampu achitsulo ikhoza kukhala yosapitirira malire onse, koma ngati zolemera zonse anaziunjika kutsogolo, ekiselo imodzi imapitirira. Pamenepo ndi chindapusa, ndipo thiraki siyenda mpaka katundu asunthidwe, pomwe kontena ili ndi chidindo cha kasitomu. Uzani a ku fakitale ayale zolemera pansi monse mofanana, zopepuka pamwamba, akutumizireni zithunzi asanatseke. Katundu wolemera akwere ya mafiti 20. Mapanelo ndi mapaipi, amene amadya malo, akwere ya mafiti 40. Ya 20 papepala ndi pafupifupi ma cubic mita 33, koma makatoni enieni mukalowetsa 28 mwachita bwino.

Apa ndisiyane pang'ono ndi ena amene amalangiza kutsitsa katundu m'kontena ku Dar n'kumuika pa thiraki ya tenti pofuna kuthawa ndalama zobwezera kontena. Pa mapaipi kapena matumba n'zotheka. Pa mapanelo ayi. Panelo ikaponderezedwa imang'aluka timing'alu tosaoneka ndi maso, kasitomala adzabwera patapita miyezi akuti siikutulutsa mphamvu. Makatoni ang'onoang'ono a ma inverter nawonso amamera miyendo panjira.

Thiraki ikafika ku Chinika, anyamata otsitsa kapena forklift zikhale zilipo. Onyamula ambiri amapereka tsiku limodzi kapena awiri otsitsira, kupitirira apo mumalipira kugona kwa thiraki tsiku ndi tsiku. Musalole ifike Lachisanu madzulo ngati simutsegula Loweruka. Jambulani chidindo musanachidule, werengani dalaivala alipo, chosowa kapena chophwanyika chilembedwe pa delivery note iye asanasaine. Mukalemba mawa, a inshuwalansi sakumvani.

Chinanso, taonani mapu. Thiraki yochokera ku Nakonde imadutsa Mpika, Serenje, n'kufika pa Kapiri Mposhi, pamphambano ya ku Copperbelt. Katundu wanu wa ku Ndola ndi Kitwe amatsika makilomita pafupifupi 200 kudza ku Lusaka, kenako n'kukweranso 200 omwewo pa Canter imene mukulipira inu. Ngati a ku Copperbelt amatenga gawo lalikulu, katundu wawo apakidwe chakukhomo kwa kontena, mumalize za msonkho pa Nakonde, ndipo mugwirizane ndi wonyamula zoyamba watsitsa ku Ndola.

Zoperekera makasitomala a kutali, lekani kutumiza galimoto aliyense akaimba foni. Ikani masiku: mwachitsanzo kum'mawa Lachiwiri, ma oda atsekedwe Lolemba masana. Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo panjira pali Nyimba, Petauke ndi Katete, ndiye popakira katundu wa ku Chipata alowe koyamba, wa ku Nyimba akhale kukhomo. Zikasemphana, dalaivala amatsitsa theka la galimoto m'mbali mwa msewu kuti apeze makatoni atatu. Galimoto isabwere yopanda kanthu. Nyengo yokolola kuli soya, mtedza ndi chimanga zofuna kubwera ku Lusaka, ndipo wonyamula amene ali ndi katundu wobwerera amakutsitsirani mtengo. Pa mgwirizano wa miyezi ingapo lembanimo za dizilo. Chiyambire 2022, pamene a ERB, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, anayamba kuunika mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, mtengo wokhazikika wa chaka chonse umathera m'mikangano. Gwirizanani kuti dizilo akasintha kupitirira mlingo wakuti, mtengo wa ulendo usinthe ndi gawo lakuti, pokwera ndi potsika pomwe.

Wamapampu_Kamwala

Zikomo kwambiri nonse, makamaka za Kapiri zija sindinaziganizepo. Koma a Mlembi, mapampu 160 ongokhala ndi ndalama zambiri, ndipo chiwongoladzanja cha ku banki mukuchidziwa. Ndalama zina zagona kale m'ma inverter. Palibe njira yochepetsera?

Mlembi_wa_Stoko

Ilipo, koma yambani mwaika mbali ziwirizi pa sikelo. Tingoyerekeza manambala, inu muikemo anu. Pampu imodzi yafika ku Chinika pa K2,000, zonse zitalowa. Okwana 160 ndi K320,000. Kuwasunga, kuphatikiza chiwongoladzanja, lendi, inshuwalansi ndi zowonongeka, tinene 30% pa chaka, ndi K96,000, kapena K8,000 pa mwezi. Mbali inayo: phindu la pampu imodzi K600, ndipo mu September mukugulitsa 55 pa sabata. Masabata 4 opanda katundu ndi mapampu 220, phindu lotayika K132,000, osawerengera mapaipi ndi mawaya amene wogula pampu akanagulira pomwepo, kapena wokumba zitsime amene wazolowera shopu ina. Ndiponso simufunika kusunga 160 chaka chonse. Kuyambira June mpaka November basi, ndi K48,000. Mvula ikayamba muwalole atsike. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene, wa panyanja ndi wa mphepo.

Kuti nambalayo ichepe, fupikitsani kuchedwa kapena pezani pothawira pafupi. Ngati zimene anena a ejenti ndi amayi zingatsitse ulendo woipitsitsa kuchoka pa masabata 16 kufika pa 14, odikirira tsoka atsika kuchoka pa 160 kufika pa 80. Pothawira ndi Johannesburg: pezani wogulitsa pampu yofanana, mutsegule akaunti, muyese oda yaing'ono manje pamene simuli pamoto. Mtengo wake udzakhala wokwera, koma amafika m'sabata limodzi kapena awiri, ndipo mumangogula zotsekera mpata.

Kontena isadzaze mtundu umodzi chifukwa choti fakitale yatsitsa mtengo. Makontena awiri osakaniza mitundu, otalikirana masabata 6, amamanga ndalama zochepa kuposa awiri ofika pamodzi, ndipo imodzi ikachedwa inayo imakusungani. Mukhoza kupereka oda imodzi yaikulu kuti mupeze mtengo wabwino, koma n'kugwirizana kuti itumizidwe kawiri. Pa kalipiridwe, yesani 30% poyamba, 70% yotsala mukaona kope la bill of lading, osati katundu asanatuluke m'fakitale. Kugawana kontena ndi anthu ena kuli bwino pa makatoni ochepa, koma mapepala a mnzanu akalakwika nonse mumadikira.

Kwacha nayo muziiwerengera. Mtengo wogulitsira uzichokera pa ndalama zimene mudzafunike kuti mugulenso katundu yemweyo lero, osati zimene munalipira miyezi inayi yapitayo. Kwacha ikagwa, mtengo wakale umakusiyani osakwanitsa kontena yotsatira. Ikalimba, mnzanu amene katundu wake wangofika kumene amagulitsa motsika, ndipo stoko yanu yakale iyenera kutsika naye, mufune musafune.

Ma inverter aja musawadikirire mtengo wakale. Amangeni pamodzi ndi mapanelo ndi batire ngati seti, kapena muwapereke kwa oika sola pa mtengo wa holoselo, ndalama zibwerere ku mapampu a mu April. Mabatire amene ali nawo m'nyumba akukalamba ali chikhalire: a asidi muziwatchaja pakapita miyezi itatu iliyonse, a lithium akhale ndi moto wa pafupifupi theka, pamalo ozizira, osati pansi penipeni pa malata. Lembani mwezi wofikira pa katoni iliyonse ndi inki yaikulu, akale azituluka poyamba.

Ejenti_pa_Boda

Kuwonjezera pa 70% ija: mukalipira, tsiku lomwelo kakamirani telex release, uthenga wololeza kampani ya sitima kukupatsani kontena popanda bill of lading yeniyeni yapapepala. Wogulitsa akachedwa kuitumiza, kontena imakhala padoko yosatulutsika, masiku aulere akuwerengedwa. Ndipo ndalama zopita kunja sizifika tsiku lomwelo, makamaka mukatumiza Lachisanu, ndiye lipirani patatsala masiku 10 kuti sitima ikocheze.